Dzina la M'kolala

Pa Naisi, mukangotsika pamsewu wa ku Liwonde n'kulowera kumunsi kumene kuli nthochi zambiri, panali nyumba ya a Maliro, kalipentala. Sanali olemera, koma khomo lawo linali la ulemu. Iwo ndiwo anali wapampando wa mphakati, ndipo akazi awo, mayi Bernadette, sankajomba ku Misa ngakhale mvula igwe chotani. Ana awo anali anayi. Atatu anali ofatsa ngati makolo awo, koma chitsirizira, Happiness, sitidziwa anatengera ndani.

Mtsikanayu sanali wakuba, sanali waulesi, ndipo za anyamata analibe nazo ntchito. Vuto lake linali pakamwa. Akangomuona munthu kamodzi, ankatha kumuyeseza kayendedwe, kayankhulidwe, mpaka katsokomoledwe, kenako n'kumupezera dzina lomwe linkamukakamira ngati chisoso pa malaya. Anthu ankaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo kuseka kwa anthuko kunkamukomera kuposa chakudya.

"Iwe Hape, pakamwapo padzakupweteketsa," mayi ake ankatero.

"Amayi, ndi nthabwala chabe. Wafa ndani?"

Ameneyo ndiye anali mayankhidwe ake a tsiku ndi tsiku.

Mayeso a Fomu 4 sanamuyendere bwino. Atakhala pakhomo chaka chathunthu, bambo ake anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kukwera njinga kupita pa Songani kukaonana ndi mayi Karima, omwe anali ndi shopu yosoka mayunifolomu a sukulu. Matebulo odulirapo nsalu ndi mashelefu onse a m'shopumo anakhoma ndi a Maliro, choncho ankadziwana bwino.

Mayi Karima anali mzimayi wa Chisilamu, wa khungu loyera ndi tsitsi lalitali lomwe ankalifunditsa mpango. Mayi awo anali Myao wa kwa Malemia. Bambo awo anali Mmwenye wina wa sitolo mu Zomba yemwe sanawanyamuleko ngakhale tsiku limodzi. Mayi Karima anakula akutunga madzi mumtsinje wa Domasi ngati mwana wina aliyense, ndipo Chiyao ankachiyankhula kuposa ambiri a ife. Shopuyo anayamba ndi makina amodzi pakhonde, koma nthawi imeneyi anali ndi makina asanu ndi awiri.

"Malo ndilibe, a Maliro," anatero mayi Karima. "Koma poti ndi mwana wanu, abwere Lolemba."

Lolembalo, a Maliro anamuperekeza Happiness mpaka pamsewu. Minibasi isanaime, anamugwira paphewa.

"Mwanawe, chimene chakulowetsa pamenepo si satifiketi. Ndi dzina langa. Ukalisunge."

"Ndamva, ababa."

Ndipo miyezi yoyamba analisungadi. Dzanja lake linali lopepuka, msoko wake unkawongoka, ndipo ankalemba zilembo zokongola ngati zosindikiza. Naima, mwana yekhayo wa mayi Karima, yemwe anali mu Sitandade 8, anamukonda kwambiri. Loweruka lililonse ankabwera kushopu, n'kukhala pampando pafupi naye, kumamutchula kuti achemwali ndi kumupempha kuti amuluke tsitsi.

Koma kumbuyo kwa shopuyo, kuseri kwa khoma la pulayiwudi, kunali tebulo lositira, ndipo patebulopo panali Chris. Mnyamata ameneyu simbi ankaigwira bwino, koma mtima wake unali wa nsanje. Zinkamuwawa kulamulidwa ndi mzimayi, makamaka mzimayi wa khungu limenelo.

"Mkaladi uja watuluka?" anafunsa tsiku lina, Happiness atabweretsa masiketi oti asitidwe.

"Ndani?"

"Abwana akowo. Usandiuze kuti sukudziwa. Aja si anzathu, komanso Amwenye eni ake anawakana. Mtundu alibe."

"Aa, a Chris, musatero. Ndi munthu wamkulu."

"Wangobwera kumene iwe. Udzaona."

Sipanapite nthawi. Mayi Karima pa ntchito sankasekerera. Tsiku lina anamubwezera Happiness siketi imodzi katatu chifukwa mpendero unali wokhota. "Masula, usokenso. Mwana wa munthu sangavale chimenechi." Kachitatuko ananena anthu onse akumva. Happiness anapita kuseri nkhope ili ndwii, misozi ili pafupi.

"Ndimanena chiyani ine?" anatero Chris. "Magazi a Chimwenye amenewo. Munthu wakuda amamuona ngati kapolo."

Pamenepo lilime la Happiness linamasuka. Anatola kachidutswa ka nsalu pansi, n'kukakweza m'mwamba. "Akudzimva chiyani? Si chotsala cha Mmwenye chabe, ngati kansanza aka?" Atatero anafunda nsalu kumutu, n'kuyamba kuyenda ngati mayi Karima, akupinda lilime m'kayankhulidwe komwe mayiwo sanayankhulepo chibadwire.

Chris anaseka mpaka kutsala pang'ono kuwotcha malaya. Atsikana awiri a pamakina anabwera kudzasuzumira, nawonso n'kugwa nako kuseka. Mkwiyo wa Happiness unathera pomwepo, ndipo m'malo mwake munalowa kukoma kuja ankakudziwa bwino. Kuyambira tsiku limenelo, kuseri kwa pulayiwudi mayi Karima analibenso dzina. Anali Mkaladi, anali Chotsala.

Munthu mmodzi yekha sankaseka. Anali mayi Agatha, namfedwa wa ana atatu, yemwe ankasoka makolala ndi mabatani. Maso awo anali atayamba kufooka, koma makutu anali bwinobwino.

"Mwana wa a Maliro iwe," anatero tsiku lina akudya chinangwa masana, "dzanja limene likukudyetsa ukulitukwana. Khungu anasankha okha?"

"Aa, amayi, timangocheza. Wafa ndani?"

Mawu ozolowereka sasankha malo. Lamulungu lina, atabwera ku Misa, banja lonse likumwa tiyi pakhonde, mayi Bernadette anafunsa chifukwa chake Happiness anafika mochedwa dzulo lake.

"Ndi Mkaladi uja. Sakhuta ntchito."

A Maliro anaika kapu pansi pang'onopang'ono.

"Wati ndani?"

"Ndimati... mayi Karima. Ndi mmene anthu amanenera, ababa."

"Anthu ake ati? Khala apa." Anamulozera pampando. "Kodi iwe umadziwa kupereka moni m'Chilomwe?"

"Ayi."

"Inenso ndimangodziwa mawu awiri atatu. Ukudziwa chifukwa chake? Agogo ako, bambo anga, ankagwira ntchito pa esiteti ya fodya. Zaka makumi awiri, akapitawo ndi anzawo omwe sanawatchulepo dzina. Ankangoti, 'Iwe Nguru, bwera kuno.' Ana a anzawo ankatithamangitsa ife panjira akuimba mawu omwewo. Bambo anga anafika poletsa Chilomwe m'nyumba mwawo, kuti ana awo tisadziwike. Anamwalira akuchita manyazi ndi chiyankhulo cha mayi awo. Amene ankawatchulawo akanati uwafunse, akanakuuza kuti ndi nthabwala."

Happiness anagwetsa nkhope.

"M'nyumba muno sindifuna kumvanso mawu amenewo. Munthu ali ndi dzina. Ukamutchula ndi khungu lake kapena mtundu wake, wamuvula umunthu pagulu."

"Ndamva, ababa. Sindidzayambiranso."

Kunyumba analekadi. Koma malangizowo analowera khutu ili n'kutulukira linali, chifukwa Lolemba Chris anangoti, "Tatiyesezere Chotsala pang'ono, tsiku lione kufupika," ndipo iye anafundanso nsalu kumutu.

Mwezi wa Ogasiti ukutha, ntchito inafika pakhosi. Sukulu ina ya sekondale ya atsikana, yogonera komweko, inali itapatsa shopuyo oda ya mayunifolomu a ana onse a Fomu 1. Chosangalatsa n'chakuti Naima anali atasankhidwa kupita kusukulu yomweyo. Mayi Karima ankayenda ngati sakuponda pansi.

Lamulo la sukuluyo linali lakuti chovala chilichonse chikhale ndi dzina la mwini wake m'kolala, kuti zisamasokonezeke pachingwe. Kagwiridwe kake m'shopumo kanali kotere: Happiness ankalemba dzina pa kansalu koyera ndi inki yosafufutika, n'kukabaya ndi phini m'kolala, mayi Agatha ankakasokerera, Chris ankasita, kupinda ndi kutsekera mupulasitiki. Chovala chikalowa mupulasitiki sichinkatsegulidwanso mpaka kusukulu.

Lachisanu lomaliza, mayi Karima anabweretsa madiresi awiri okha m'manja.

"Awa ndi a Naima. Ulembe ndi dzanja lako lokongolalo, wamva? Iye wanena kuti alembe ndi achemwali ake."

Atangotuluka, Chris anasuzumira pakhoma.

"Ulemba dzina liti? Lakusukulu kapena lenileni?"

"Chokani apa, a Chris."

"Waopa eti? Ndimadziwa. Masiku ano wasanduka mwana wa m'nyumba. Mawa udzayamba kudzola mafuta oyeretsa khungu kuti ufanane nawo."

Atsikana a pamakina anaseka, ndipo ulendo uno ankaseka iyeyo. Chimenecho Happiness sankatha kuchipirira. Diresi loyamba analemba bwinobwino, Naima Jabir. Kenako anatenga kansalu kena, n'kulemba mwaluso, zilembo zikuluzikulu: KAMKALADI KOPANDA MTUNDU. Anakabaya m'kolala ya diresi lachiwiri, n'kulikweza m'mwamba kuti onse aone.

Chikhakhali chinabuka. Chris anachita kukhala pansi.

"Hape!" Anali mawu a mayi Karima, kuchokera kutsogolo. "Tabwera kuno msanga."

Happiness anaponya diresilo pamulu, n'kuthamangira kutsogolo akuganiza kuti amva zonse. Koma anawapeza akumwetulira, kalata ili m'manja.

"Khala pansi, mwanangu. Ku Blantyre kuli maphunziro a miyezi isanu ndi umodzi a kudula ndi kujambula masitayilo. Andipatsa malo amodzi, ndipo ndalembetsa iwe. Ukabwerako udzakhala woyang'anira shopu ino, chifukwa ine msana wayamba kuvuta. Ndimakukalipira chifukwa ndimaona kuti uli ndi dzanja. Ukawauze a Maliro kuti sanandinamize."

Happiness anagwada n'kuthokoza, manyazi ndi chimwemwe zitasakanikirana. Anakhala kutsogoloko pafupifupi ola lathunthu akulemba mafomu. Pobwerera kuseri, mulu uja panalibe. Mayi Agatha anali atasoka zonse, ndipo mapulasitiki anali atasanjidwa m'makatoni, kupatula a Naima omwe mayi ake anali ataika kale m'chikwama chawo.

"A Chris," ananong'ona, "kansalu kaja?"

"Kati?"

"Musachite chibwana. Kaja ndinalemba kaja."

"Aa, ndachotsa kalekale. Ukuda nkhawa chiyani?" Ananena akuyang'ana simbi, kukamwa kukumwetulira.

Happiness anaona kumwetulirako, ndipo mumtima anadziwa kuti mnyamatayo akunama. Dzina la m'diresi lachiwiri la Naima analemba ndani ngati kansalu kaja kanachotsedwa? Chikwama cha mayi Karima chinali pomwepo, pampando. Akanatha kupita n'kunena kuti, "Amayi, ndalakwitsa dzina, ndipatseni ndikonze." Akanatha kupita kunyumba kwawo kwa Malemia Loweruka, pakuti Naima ankanyamuka Lamulungu. Koma ankaopa kuti akatsegula pulasitikiyo pamaso pawo awerenga, ndipo za ku Blantyre zithera pomwepo. Anasankha kukhulupirira bodza la Chris chifukwa linali lopepuka kunyamula.

Lamulungu ku Misa anaimba nawo nyimbo zonse, koma maganizo ake anali pa kansalu kaja.

Lolemba m'mawa mayi Karima anachedwa kufika, chinthu chomwe sichinachitikepo. Itakwana naini koloko analowa, ndipo kumbuyo kwawo kunali a Maliro, atavala ovolosi ya ntchito, utuchi uli m'tsitsi. Mayiwo anali atachita kukawatenga pa Naisi.

"Zimitsani makina," anatero mayi Karima.

Onse anazimitsa. Mayiwo anatsegula chikwama, n'kutulutsa kansalu koyera, ulusi ukulendewera m'mbali. Anakaika patebulo lodulira, tebulo lomwe a Maliro anakhoma ndi manja awo.

"Happiness, dzanja ili ndi la ndani?"

Happiness anayang'ana pansi.

"Werenga. Bambo ako amve."

"Amayi, pepani..."

"Ndati werenga. Dzulo anawerenga mwana wa eni ake pamaso pa anthu oposa zana. Iwe ukulephera pamaso pa anthu khumi?"

Anawerenga. Mawu omwe Lachisanu anagwetsa anthu ndi phwete anatuluka ngati minga pakhosi, ndipo palibe anaseka. A Maliro anatseka maso.

Kenako mayi Karima anafotokoza, mawu awo ali pansipansi. Kusukuluko, ana atsopano akafika amaima pamzere kutsogolo kwa hositelo ndi makolo awo. Mtsikana wamkulu wa Fomu 4 amatsegula katundu wa aliyense, n'kumawerenga mokweza dzina la m'chovala chilichonse, metironi akuchonga. Atafika pa Naima, anawerenga diresi loyamba. Anang'amba pulasitiki yachiwiri, n'kuwerenga mokweza asanaganize. Atazindikira anagwira pakamwa, koma mawu anali atatuluka kale. Mzere wonse unatembenuka kuyang'ana Naima, kenako mayi ake. Ena anaseka.

"Mwana wanga anandiyang'ana n'kundifunsa kuti, 'Amayi, si achemwali analemba?' Ndimuyankhe chiyani?"

Mayi Agatha anayamba kulira. "Ndasoka ndine, Mulungu wanga. Maso angawa. Sindinaone."

"Inu mulibe mlandu, mayi Agatha. Nanga iwe Chris?"

"Ine ndimangosita, madamu. Zolembalemba sindiwerenga. Ndipo ndakhala ndikumuletsa mtsikanayu kuti maina amenewa si abwino."

Happiness anadzutsa mutu, kukamwa kuli yasa. Chris ankayang'ana kudenga.

"Khoma ilo ndi la pulayiwudi," anatero mayi Karima. "Mumayesa sindimva? Mkaladi, Chotsala, zonse ndakhala ndikumva, ndi mawu a aliyense ndimawadziwa. Ine mawu amenewa ndinayamba kuwamva ndisanamere mano. Kwa bambo anga anandithamangitsa pakhomo kuti ndine wakuda. Kuno kwa mayi anga mukuti ndine Mmwenye. Ndinazolowera kumeza. Ndinkati ndi ubwana, adzasiya, mwana wa a Maliro ndi wabwino. Koma ndinalumbira kuti mwana wanga sadzamva zimene ndinamva ine. Ndamutchinjiriza zaka khumi ndi zinayi, ndipo chamulasa chachokera m'shopu mwanga momwe."

Anatulutsa makalata awiri, ina ya Happiness, ina ya Chris.

"Ntchito yatha. Za ku Blantyre ndaimba kale foni, apita wina. A Maliro, pepani kuti ndakuvutitsani. Ndinafuna mumve ndi makutu anu, kuti musadzamve zokhota."

A Maliro anatola kansalu kaja patebulo, n'kukaika m'thumba la ovolosi. Anagwada pansi, bambo wa imvi, pamaso pa antchito onse.

"Mayi, ndinabwera ndine kudzapempha. Mlandu ndi wanga."

"Dzukani, a Maliro. Musagwadire tchimo la wina."

Kuchokera pa Songani mpaka pa Naisi anayenda wapansi, bambo patsogolo akukankha njinga, mwana pambuyo. Sanayankhulane ngakhale liwu limodzi. Happiness ankalakalaka akanamukalipira, ngakhale kumumenya kumene, koma iwo anangoti chete, ndipo chetecho chinamupweteka kuposa chikwapu.

Zoipa sizinathere pamenepo. Nkhani inafika kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ija. Makolo ena anayamba kufunsa kuti, ngati shopu ikulemba zotukwana m'chovala cha mwana wa mwini wake, nanga za ana athu muli chiyani? Anatsegula makolala onse. Sanapeze kanthu, koma komiti inagamula kuti chaka chotsatira oda ipite kwina. Pofika Novembala, makina atatu anali ataphimbidwa nsalu, ndipo anthu atatu anauzidwa kuti adikire kunyumba. Mmodzi mwa iwo anali mayi Agatha.

Happiness anayesa kufuna ntchito. Anapita mu Zomba, anapita ku Malosa, anafika mpaka ku Liwonde. Koma atelala amadziwana, ndipo nkhani yoipa imakwera minibasi yoyambirira.

"Mwati mumasoka kuti kale?"

"Pa Songani."

"Oo! Ndinu aja a m'kolala?"

Kulikonse zinali zomwezo. Iye amene ankagawa maina tsopano anali ndi lake, ndipo linamukakamira. Ngakhale ana a pa Naisi ankati akamuona akupita kumjigo, ankanong'onezana kuti, "Wa m'kolala uyo." Apo m'pamene anadziwa kulemera kwa dzina lomwe sunasankhe.

Chris sanavutike. Mkulu wake anamupatsa njinga yamoto ya kabaza, ndipo ankadutsa pa Naisi akuliza hutala. Tsiku lina Happiness anamuimitsa.

"A Chris, munandinamiziranji?"

"Ine ndinakugwira dzanja polemba? Choka, ndili pa ntchito." Anamusiya ali chiimire mu fumbi.

A Maliro anatula pansi udindo wa mphakati. Anthu anawanyengerera, koma iwo anati munthu amene walephera kuweta lilime la m'nyumba mwake sangaime kutsogolo kulangiza ena. Mayi Bernadette anayamba kukhala kumbuyo m'tchalitchi. Pakhonde paja pankamveka kuseka panangoti zii.

Madzulo ena, dzuwa lisanalowe, Happiness anakumana ndi mayi Agatha pamsewu atasenza mtolo wa nkhuni zogulitsa, mwana wawo wamng'ono akuwatsatira. Anafuna kuthawa koma panalibe kolowera.

"Amayi, ndikhululukireni."

Mayi Agatha anamuyang'ana nthawi yaitali, thukuta likutsika m'masaya.

"Unkafunsa kuti wafa ndani. Uzipita ukuwerenga wekha." Anakonza nkhata pamutu n'kupitiriza ulendo.

Happiness anafika kunyumba misozi ili mbwembwembwe. Anapeza bambo ake akupala thabwa, n'kugwada pa utuchi pomwepo.

"Ababa, ndiperekezeni kwa Malemia. Ndikufuna ndikamuone Naima tchuthi chikayamba."

A Maliro anaimitsa ntchito. Kanali koyamba kumuyang'ana m'maso chichokereni tsiku lija.

"Sukudziwa? Naima ali pakhomo. Kusukulu kuja anangokhalako milungu itatu."

Anapita Loweruka m'mawa. Anapeza Naima pakhonde akusankha mpunga m'lichero. Anali ataonda, ndipo tsitsi lija Happiness ankaluka anali atalimeta lonse. Mayi Karima anawayalira mkeka, n'kuwapatsa moni mwaulemu ngati alendo ochokera kutali.

Mayiwo ndiwo anafotokoza. Kansalu anakachotsa tsiku lomwelo, n'kumusiya mwanayo kusukulu poganiza kuti ziiwalika. Koma dzina linatsala. M'kalasi, m'holo yodyera, kubafa, paliponse ankangomva "Kamkaladi." Ena ankamukoka tsitsi kuti aone ngati ndi lenileni. Anasiya kudya, kenako anadzimeta yekha ndi lumo, ndipo metironi anaimba foni kuti adzamutenge. Tsopano ankaphunzira pasukulu yoyendera, ulendo wa ola ndi theka wapansi, ndipo za sukulu yogonera sankafuna kumva.

Happiness anayenda chogwada mpaka pamene panali Naima.

"Naima, mng'ono wanga, ndinalakwa. Palibe anandikakamiza. Ndinalemba ndine, ndipo ndinali ndi masiku awiri oti ndikonze koma ndinaopa. Ndikhululukire."

Naima sanasiye kusankha mpunga. Anayankhula maso ali m'lichero.

"Pamene munkandiluka tsitsi paja, mumtima munkanditchula choncho?"

Happiness anaweramitsa mutu.

"Ine ndinkauza anzanga kuti ndili ndi achemwali pa Songani," anatero Naima. Ananyamula lichero n'kulowa m'nyumba.

Mayi Karima anapuma mozama. "Ine ndakukhululukira, Happiness. Chipembedzo changa chimandiuza kutero, ndipo chako chimanenanso zomwezo. Mwanayo mupatse nthawi, mwina Mulungu adzafewetsa mtima wake. Koma usayembekeze kuti ndidzakupatsanso cholembera m'shopu mwanga. Kukhululuka ndakhululuka, koma ntchito ija inapita."

Pobwerera, atafika pamlatho, a Maliro anaima. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kansalu kaja, komwe anali atasunga miyezi yonseyi.

"Tenga. Ndinayesa kukachapa ndi sopo, ndinayesa ndi jiki. Inki imeneyi sichoka."

Happiness anakalandira ndi manja awiri. Zilembo zinali zikadali zokongola, zowongoka, dzanja lake lenileni.

Lero mukadutsa pa Naisi mudzamuona pansi pa mtengo wa mango, akugulitsa tomato ndi anyezi pa tebulo laling'ono lomwe anamukhomera bambo ake. Ndi wofatsa, ndipo ogula amawatchula maina awo enieni. Mtsikana amene anapita ku Blantyre m'malo mwake ndiye akuyang'anira shopu ya pa Songani. Naima akadutsa pa minibasi amayang'ana kumbali. Kansalu kaja kali m'kachitini momwe Happiness amasungira singano, ndipo anzake akayamba kuseka munthu chifukwa cha khungu kapena mtundu wake, iye amatsegula kachitiniko n'kuwaonetsa.

Inu achinyamata amene mukuyamba ntchito, imvani. Kutchula munthu ndi khungu lake kapena mtundu wake pofuna kuseketsa anzanu ndi tchimo, ngakhale mutalitcha nthabwala. Mulungu amene analenga khungu lanu ndi yemweyo analenga la mnzanuyo. Amene akukuwombereni m'manja lero sadzakhalapo tsiku lowerenga, ndipo mawu mukawatulutsa amakagwera munthu amene simunamuganizire. Happiness ankafunsa kuti wafa ndani. Maliro sanachitike, n'zoona. Koma ntchito yake inatha, ulemu wa bambo ake unagwa, namfedwa anasenza nkhuni, ndipo kwa Malemia kuli mtsikana wanzeru amene mpaka lero, akapatsidwa chovala chatsopano, amayamba watembenuza kolala.